Makatoni a Magemu Ochokera ku Joni

1

Pa Boma la Mzimba mukafunsa za Linily Mbewe, ambiri angokuyang'anani. Koma mukati "mayi wa magemu uja", ngakhale wakabaza akufikitsani pakhomo panga osasochera. Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina pano, kwathu ndi ku Dedza, ndipo nthenda yanga ndi imodzi: ndimatolera magemu akale a pa TV. Ndikunena aja olowetsa kaseti pamwamba, ikakana n'kuitulutsa, kuiuzira mpweya, kuibwezeranso. Mapadi a zingwe ogwira m'manja posewera, mfuti zapulasitiki zolozetsa pa kanema, maadaputa, timakhadi tosungira pamene walekezera, zonsezo ndi chuma kwa ine. Kabati ya magalasi imene akazi anzanga amaikamo mbale za alendo, kwanga munadzaza makaseti.

Nthendayi anandipatsira ndi malemu bambo anga. Anagula gemu yotere ndili Sitandade 5, ndipo tinkalimbirana padi ngati ana amsinkhu umodzi. Atamwalira, abale anagawana mipando ndi njinga, ine ndinangonyamula gemu ija, ngakhale inali itafa kale.

Kwa munthu ngati ine, Mzimba ndi mgodi. Pafupifupi khomo lililonse lili ndi wake ku Joni, ndipo katundu wobwera ndi matransipota sasankhidwa: mafiriji, mabulangete, ndi magemu amene ana a mabwana anatopa nawo. Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi kulowera ku Embangweni kapena ku Edingeni, kuyenda khomo ndi khomo kufunsa ngati pansi pa bedi pali kanthu.

Jones Thole ndinakumana naye chifukwa cha waya wa padi woduka. Ankakonza mawailesi ndi mafoni pamsika. Amuna ena ankandiseka kuti mayi wamkulu ndikusewera zidole, koma iye anawotcherera wayayo bwinobwino, n'kupempha kuti tiyese limodzi ngati yachira. Ndinamugonjetsa katatu, iye n'kumangoseka. Tinakwatirana mu 2012, ng'ombe za malowolo n'kuperekedwa mwa mwambo wawo, amalume anga a ku Dedza akungodabwa.

Zaka zinapita, mwana osabwera. Kumudzi kwawo, kuseri kwa Edingeni, apongozi anga aakazi anasiya kundiyang'ana kumaso, ankayambira pamimba. Mawu oti chumba ndinayamba kuwamva kumbuyo, kenako pamaso. Mizu yowawa yonse imene ankanditumizira ndinamwa. Mu 2016 tinapita tonse awiri kuchipatala kukayezetsa, ndipo zotsatira ndinakatenga ndekha chifukwa Jones anali ndi ntchito yambiri. Ndinamuuza kuti adokotala akuti tidekhe.

Chaka chotsatira, mwadzidzidzi, Jones anati akupita ku Joni. Anati akagwire ntchito zaka zingapo, kenako adzanditenge tikaonane ndi madokotala akuluakulu akumeneko. Ndinamuperekeza ndikulira, ndipo ndinalonjeza kudikira.

2

Ndinadikiradi, zaka zisanu. Chimene chinkandilimbitsa mtima chinali makatoni.

Miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, mlamu wanga Kezia, mlongo wake wa Jones, ankatulukira ndi katoni pamutu. Iye amagulitsa kaunjika, tsiku lina pa Boma, lina m'misika ya kumudzi. Ankati transipota wawo amatsitsira katundu yense kumudzi, ndiye iye amangonditengera wanga. M'katonimo munkakhala makaseti, mapadi, nthawi zina gemu yathunthu. Ndinkadziuza kuti mwamuna amene amayenda m'misika ya eni kufunafuna zinyalala zimene mkazi wake amakonda, ameneyo sanaiwale banja.

Kezia ndinkamukonda ngati mng'ono wanga. Tinkamwa tiyi, iye akuonerera ndikugwira ntchito yanga. Chilichonse chikafika ndimayamba ndachotsa pulagi ya ku Joni, ya mano obulungira ija, n'kuika yathu. Kenako ndimamasula, kupukuta mano a kaseti ndi thonje la sipiriti, kutsuka mabatani ndi mswachi, n'kuyesa. Kezia ndiye anandilangiza kuti ndisamavutike kupita kumudzi, popeza mawu a amayi ake ankandibweza ndi misozi. Shuga ndi sopo wa apongozi ankanyamula ndi iyeyo.

Jones ankaimba pa Watsapu, pa nambala yake ya ku Joni, Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Zoonana pa kanema wa foni ankakana, ati netiweki ya kumene amakhala ndi yoipa. Za kubwera, chaka china anati mapepala sanalongosoke, china malire atsekedwa chifukwa cha mliri. Ndipo chakumapeto kwa 2019 anandipempha chinthu chimodzi: ndisiye zoyenda m'midzi. Anati sizioneka bwino mkazi wa mwini, mwamuna ali kutali, kumagogoda m'makomo mwa anthu, ndipo chilichonse chimene ndingafune azinditumizira yekha. Ndinaona ngati ndi nsanje ya chikondi, moti ndinasangalala nayo. Uchitsiru wina umabwera utavala bwino.

3

Katoni imene inanditsegula maso inafika mu June 2022.

Pamwamba panali gemu yotuwa, yooneka bwino. Nditatenga sikuludiraiva kuti ndichotse pulagi, ndinapeza ili kale ndi pulagi yathu ya kuno. Waya wa padi unali womangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Nditamasula, munatuluka mankhusu a chimanga ndi fumbi lofiira. Ndinafunsa Kezia ngati ku Joni nakonso amapeta chimanga m'nyumba. Anaseka kwambiri, kuposa mmene nthabwalayo inkayenera, n'kunena kuti mwina ana a transipota anayamba aisewera panjira. Tiyi wake sanamalize tsiku limenelo.

Atapita ndinakhuthula zotsala. Pansi penipeni panali kaseti yakuda, ngodya imodzi yosungunuka ndi kandulo, kumbuyo kwake kutalembedwa ndi penti yoyera: FESTON.

Wotolera zinthu saiwala chimene chinamupulumuka. Kaseti imeneyi ndinaigwirapo ndi manja anga mu 2015, pakhomo pa mayi wina wachikulire, a NyaHara, kufupi ndi Embangweni. Ndi yosowa kwambiri, ndinali nditaifuna zaka zambiri. Ndinapitako katatu kukawachonderera, koma anakana, chifukwa inali ya mwana wawo Feston amene anamwalirira ku Joni, ndipo inabwera pamodzi ndi zovala zake. Tsono kaseti imene ndinaisiya ku Embangweni inakafika bwanji ku Joni kuti mwamuna wanga akaigule kumeneko?

Loweruka ndinaphwanya lamulo la Jones. Ndinakwera minibasi.

4

A NyaHara ndinawapeza akuanika mphale. Anandizindikira ndisanakhale n'komwe pansi, ati ndine mwalimu, mphunzitsi uja ndinkalirira kaseti ya Feston. Nditaitulutsa m'chikwama anaigwira, n'kuisisita pa dzina paja.

Ndinawafunsa kuti inachoka bwanji pakhomo pawo.

"Sola yanga inafa, mama. Mbwenu anabwera mnyamata wokonza, anaikonza makora chomene, nyumba n'kuwalanso. Malipiro anakana, anati ndimupatse kaseti basi. Ndinati Feston yemweyo akanakonda kuti nyumba iwale."

Ndinafunsa dzina la wokonzayo, ngakhale mtima unali utayankha kale.

"Thole, wa kuseri kwa Edingeni. Amayenda pa njinga yamoto, amafunsa magemu akale paliponse. Zaka zitatu tsopano akutikonzera kuno. Tsiku limenelo anabwera ndi mkazi wake, kamwana kali kumsana. Mukumudziwa?"

Ndinati ndinamumvapo. Anandipatsa mtedza wa panjira, ine n'kuthokoza ngati munthu wabwinobwino. Mu minibasi ndinakhala pafupi ndi zenera, zinthu zikulumikizana m'mutu mwanga chimodzichimodzi. Nambala ya Watsapu siisintha munthu akawoloka malire. Magemu a mapulagi a ku Joni adzaza m'midzi yonse ya kuno. Makomo amene Jones ankatolerako anali omwe aja ndinamuonetsa ine tili pa chibwenzi. Ndipo lamulo loti ndisayende silinali nsanje ayi, ankaopa kuti tidzakumana pakhomo pa munthu, aliyense akufunsa kaseti. Makatoni aja anali chingwe chondimangira pa Boma ngati mbuzi.

Koma chimene chinandizunguza mutu koposa si mkaziyo. Chinali kamwanako.

5

Mawa lake, Lamlungu, sindinapite kutchalitchi. Ndinafika kumudzi dzuwa lili pamutu, nthawi yomwe Jones ankakonda kundiimbira.

Anthu anali pabwalo akutong'ola chimanga. Woyamba kundiona anali Kezia, ndipo chitsononkho chinamugwa m'manja. Kuseri kwa nyumba ya apongozi kunali nyumba yatsopano ya malata, ya sola padenga. Pakhonde pake panali mwamuna wanga, wonenepa, atavala malaya amene ndinamugulira ine, akumasula wailesi. Pamapazi ake kamtsikana ka chaka ndi miyezi kankaluma padi yopanda waya.

Sindinakuwe.  Jones anaimirira, n'kukhalanso, n'kuyamba kupukuta manja pa buluku.

Apongozi ndiwo anayankhula. Anandiyalira mphasa ngati mlendo amene amamuyembekezera, n'kuitana mtsikana wina wowonda, wa zaka ngati makumi awiri ndi ziwiri. Anati dzina lake ndi Modester, NyaSoko. Mtsikanayo anagwada patali, maso pansi, n'kundipatsa moni wa ulemu wonse.

"Mkamwana, palibe wakuchotsani," anatero apongozi, akundiitana monga mkazi wa mwana wawo. "Ndimwe mayi wamkulu pano, mwanayu ndi wanunso. Koma ng'ombe zathu zinapita ku Dedza, ife tinadikira zaka zisanu. Munda ukakana, munthu safa ndi njala akuuyang'ana. Tinabisa chifukwa imwe ŵa kusukulu mitala simuimva."

Amayi amene ankatong'ola chimanga anavomereza ndi mitu. Mudzi wonse unkadziwa. Mpingo wawo unkadziwa. Shuga amene ndinkatumiza ankathira m'phala la mwana ameneyu. Kezia anayamba kulira, akuti ndapota alamu, chonde ndapota, anandiumiriza. Sindinamuyang'ane, chifukwa pa onsewo iye ndiye ankadya m'mbale mwanga.

Ndinauza Jones kuti ndikufuna tiyankhule awiri. Tinapita kuseri kwa khola.

6

Owerenga, pali chimene ndakubisirani, monga ndinabisira aliyense.

Tsiku lija la 2016, adokotala sananene kuti tidekhe. Anati ine ndilibe vuto lililonse. Anati vuto lili ndi bambo, ndipo ndi loti mankhwala sangathandize. Anandipatsa pepala, n'kunena kuti ndibwere nawo bambowo adzawafotokozere. Ndinakhala pa benchi ya chipatala ola lathunthu. Ndinaganiza za Jones, mwana wamwamuna yekhayo wa mayi ake, m'dera limene mwamuna wopanda mwana sayankhula pa bwalo. Ndinati mkazi akatchedwa chumba amapirira, koma mwamuna uyu zimupha. Ndinasankha kusenza ine.

Pepalalo sindinathe kulitaya. Ndinalipinda, n'kumasula gemu yakufa ya bambo anga, n'kuliika m'kati, n'kumanganso. Ndinati mmenemo palibe angafikemo. Ndipo m'mawa wa Lamlungu limenelo, ndisananyamuke, ndinalitulutsa.

Kuseri kwa khola ndinamupatsa. Ngakhale ndinali ndi ukali wonsewo, ndinkamumvera chisoni. Ndinkaganiza kuti ndikumuululira kuti mtsikana uja anamupusitsa.

Analiyang'ana osalifunyulula.

"Ndinaliwerenga kale," anatero.

Ndinamufunsa kuti liti.

"Mwezi umodzi ndisanapite ku Joni. Ndinkafuna ndikukonzere gemu ya adada ako, udzaipeze ikuyaka pa tsiku lako lobadwa. Nditamasula, ndinalipeza."

Taonani nzeru zanga. Mphunzitsi wa sayansi, kubisa chinsinsi m'kati mwa chipangizo chakufa, m'nyumba ya munthu amene ntchito yake ndi kumasula zipangizo zakufa.

Anafotokoza yekha zotsalazo, maso ali pa ng'ombe. Ku Joni anapitadi, anakhalako zaka ziwiri, manyazi akumudya. Atabwerera anaulula kwa amayi ake. Iwo ndi mkulu wina wa m'banjamo anakonza zonse mwakachetechete, monga ankachitira makolo: kupeza mtsikana, kupereka ng'ombe, ndi kupempha mbale wina wa magazi omwewo kuti alowe m'nyumba mwachinsinsi. Mwanayo ndi wa kwa Thole ndithu, anatero, palibe angatsutse.

Ndiye kuti mayi amene amandiuza za munda wokana pamaso pa anthu ankadziwa bwino lomwe kuti munda unalibe mlandu.

"Munadziwa kuti ndikunyozedwa chifukwa cha inu," ndinatero. "Munadziwa kuti ndinakubisirani chifukwa chokukondani. Bwanji simunabwere kwa ine? Tikanalera wamasiye. Tikanakhala awiri. Ngakhale zimene mwachitazi, bwanji simunandifunse?"

Yankho lake ndimalimvabe mpaka lero.

"Mwana akanabadwa mwa iwe patapita zaka zonsezo, anthu akanafunsa. Mwa mkazi watsopano palibe wofunsa. Aliyense amadziwa kale kuti chumba ndiwe."

Sananene mwankhanza. Ananena ngati akufotokoza chimene chavuta mu wailesi. Bodza limene ndinanena kuti ndimuteteze, iye analitenga n'kumangapo nyumba ya malata.

7

Ndinabwerera pabwalo pepala lili m'manja. Anthu onse anali pomwepo, ndipo mawu anga ndi omveka, ndinazolowera kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu. Apongozi analiona pepalalo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire changa anandiyang'ana kumaso.

Koma Modester anabwera ndi madzi akumwa m'kapu, n'kugwada. Anali mwana. Iyenso anamulowetsa m'nkhaniyi ndi akuluakulu, ndipo ndikanawerenga pepalalo, woyamba kulozedwa zala akanakhala iye, wachiwiri kamtsikana kaja kamene sikanalakwire munthu. Ndinamwa madziwo, ndinaika pepala m'chikwama, n'kuuyamba wa ku Boma.

Ukwati unatha patapita miyezi itatu. Pa zokambirana, a kwa Thole ananena pamaso pa amalume anga kuti chifukwa chake ndi kusabereka kwanga ndi kukana mitala. Amalume anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinati ndilibe. Mayi anga anamwalira chaka chotsatira akukhulupirira kuti mwana wawo ndi chumba, ndipo chimenecho sindidzadzikhululukira.

Makatoni onse a Jones ndinawabweza kudzera kwa Kezia, ndipo kuyambira pamenepo Keziayo khomo langa sanalipondenso. Kaseti ya Feston ndinakaibweza ndekha kwa a NyaHara.

8

Chaka chatha ndinakwatiwa ndi a Bestone, bambo wofedwa, wogwira ntchito za ulimi pano pa Boma. Magemu sawamvetsa, koma anandikhomera mashelefu. Ndinawauza zonse tisanapite kutchalitchi. Pamene ndikulemba izi ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ndili ndi pakati pa miyezi isanu.

Mlungu wathawu, nthawi yopuma, anandiuza kuti pa geti ya sukulu pali mlendo. Anali Jones, chipewa chili m'manja. Kezia anali atandiona pamsika. Ndinaganiza kuti mwina, patapita zaka zonsezi, wabwera kudzapepesa.

Anati anthu kumudzi ayamba kunong'ona. Ena akuti mwina magazi athu sankagwirizana, koma ena ayamba kuyang'anitsitsa nkhope ya mwana uja. Anapempha kuti, poti ndine munthu wa mtima wabwino, ndipemphe kusamutsidwa ndibwerere kwathu ku Dedza mimba isanaonekere kwambiri.

"Ndapota, Linily. Unanditeteza kale. Kamodzi kokha aka."

Ndinamuyang'ana munthu amene ndinamudikira zaka zisanu, ndipo ndinapeza kuti chisoni chija chinatheratu. Ndinamuuza kuti pepala lake sindidzaonetsa munthu, chifukwa cha mwana uja ndi mayi ake, osati chifukwa cha iye. Koma pa Mzimba sindichoka. Belu litalira ndinabwerera m'kalasi.

Akazi anzanga, ndi inu abambo amene mukuwerenga, sindikuuzani kuti musamakonde. Ndikuti musasenze mlandu wa munthu iye asanakupempheni, osamuuza n'komwe, chifukwa amazolowera kukuonani mutausenza, mapeto ake amayesa ndi wanudi. Ndikanabwera ndi pepala lija kunyumba tsiku lomwelo, tikanalira limodzi, kapena akanandisiya pomwepo ndikadali ndi zaka zanga ndi mayi anga. Ndinasankha bodza lachifundo, ndipo amene ndinamuchitira chifundoyo ndiye analinola n'kundibaya nalo.

Ndinabisala zaka zokwanira. Sikelo ndiyambira pompano pa Boma, ndipo Loweruka lililonse ndizipita pamsika masana, pamene minibasi za ku Edingeni zimatsitsa anthu. Wofuna kuwerenga miyezi awerenge.